Khonsolo ya Nkhata Bay isunge mawu ndi kanema wa anthu ake zisanatheretu

Khonsolo ya boma la Nkhata Bay iyenera kukhazikitsa nkhokwe yakeyake yosungiramo mawu ojambulidwa, zithunzi ndi kanema, ndipo iyenera kutero ndi ndalama za m'bajeti yake, osadikira kuti unduna wina ku Lilongwe kapena bungwe lina lakunja ndilo liyambe kuganizira za nkhaniyi. Nkhokwe yotereyi ndi malo amene zinthu zojambulidwa zimasonkhanitsidwa, zimalembedwa m'kaundula, zimatetezedwa ku chinyezi ndi moto, ndipo zimaperekedwa kwa aliyense wofuna kuzimva kapena kuziona. Imasiyana ndi chipinda chounjikamo mafayilo otha ntchito chifukwa imakhala ndi lamulo loikhazikitsa, munthu wophunzitsidwa woiyang'anira, ndi khomo lotsegukira anthu wamba. Tawuni ya Nkhata Bay ndi yaing'ono, pakuti kalembera wa 2018 adapezamo anthu pafupifupi 14,000 mwa anthu oposa 280,000 a m'boma lonse, koma mbiri imene yadutsa padoko lake ndi m'midzi yoizungulira ndi yolemera kuposa ya mizinda ina ikuluikulu, ndipo gawo lalikulu la mbiriyo silidalembedwe papepala, lidatsalira m'mawu a anthu, m'magule, ndi m'matepi amene akuwonongeka chaka ndi chaka.

Kuipa kosasunga mawu a mboni kumaoneka poyera pa zimene zidachitika pa 3 Malichi 1959. Tsiku limenelo bwanamkubwa wa Nyasaland, Sir Robert Armitage, adalengeza lamulo lapadera lopatsa boma mphamvu zotsekera anthu popanda kuwazenga mlandu, atsogoleri a Nyasaland African Congress adagwidwa m'bandakucha, ndipo ena mwa ogwidwawo adakwezedwa m'sitima ya Mpasa imene idaima padoko la Nkhata Bay. Khamu la anthu lidasonkhana padokopo kufuna kuti abale awo amasulidwe, ndipo asilikali adaliwombera. Komiti yofufuza imene boma la Britain lidatumiza motsogozedwa ndi woweruza Patrick Devlin idalemba kuti padafa anthu 20, pomwe mbadwa za bomali, zimene zimasonkhana chaka chilichonse pa tsiku lokumbukira ofera ufulu wa dziko, zimawerenga anthu oposa 30. Chiwerengero cha Devlin ndicho chimalowa m'mabuku a akatswiri chifukwa chili ndi mapepala ochichirikiza, pamene cha eni maliro chimatsamira pa kukumbukira kwa achikulire amene akutha mmodzimmodzi, popeza mnyamata amene anali ndi zaka 15 tsiku limenelo lero wapyola zaka 80. Atolankhani amafika mwezi wa Malichi uliwonse, amacheza ndi mboni zotsalazo, amaulutsa mphindi zochepa chabe, ndipo zotsala za macheza amenewo zimabalalika m'makamera ndi m'makompyuta a nyumba zoulutsira mawu zosiyanasiyana, kumene zimafufutidwa malo osungira akadzaza. Ntchito yosonkhanitsa umboni umenewu pamalo amodzi, kuulemba mayina ndi masiku, ndi kuusunga kuti udzamveke zaka 100 zikubwerazi, ilibe mwini, ndipo chinthu chopanda mwini chimatayika popanda woimbidwa mlandu.

Zimene zidajambulidwa kale za dera lino zilipo ndithu, koma zili kutali ndi eni ake. Hugh Tracey, katswiri wa nyimbo za mu Africa amene adayendera Nyasaland ndi makina ojambulira mawu mu 1950 ndiponso chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950, adajambula nyimbo za Atonga pamodzi ndi za Atumbuka ndi Achewa, ndipo zojambulazo zimasungidwa ku International Library of African Music, nkhokwe imene iye adaikhazikitsa mu 1954, imene tsopano ili pa yunivesite ya Rhodes mumzinda wa Makhanda ku South Africa. Mafilimu a Central African Film Unit, nthambi ya atsamunda imene kuyambira 1948 mpaka 1963 inkapanga kanema woonetsa anthu akuda a ku Nyasaland ndi ku maiko awiri a Rhodesia, adatsalira ku Harare m'nkhokwe ya dziko la Zimbabwe. Mafayilo achinsinsi amene atsamunda adachoka nawo pothawa manyazi, amene boma la Britain lidavomera mu 2011 kuti lidawasunga mobisa ku Hanslope Park, tsopano amawerengedwa ku Kew mu London, ndipo a Nyasaland ali m'gulu lomwelo. Nyimbo zimene wailesi ya MBC idajambula kuyambira pamene idakhazikitsidwa mu 1964 zili ku Blantyre, ndipo ngakhale ntchito yosamutsira matepi akalewo m'makompyuta, imene dziko la Norway lidathandizira, ndi yoyenera kuyamikiridwa, mphunzitsi wa mbiri pa sekondale ya ku Chintheche kapena ku Usisya alibe njira yapafupi yomvetsera ophunzira ake mawu a agogo awo. Akuluakulu adanena kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo, ndipo nyimbo ya Atonga imene mwana wa ku Bandawe sangaimve ili pachala ndithu. Nkhokwe zakutalizi siziyenera kudzudzulidwa chifukwa chosunga bwino zimene zikadatayika, ndipo ya ku Makhanda yakhala ikuyesetsa kubwezera makope a nyimbo kumadera kumene zidajambulidwa. Vuto lili kuno kwathu, chifukwa kope lobwezedwa limafuna bungwe lokhalitsa loti lililandire, lisainire, ndi kulisamala, ndipo kupatsira kopelo munthu mmodzi, ngakhale atakhala mfumu kapena mphunzitsi wodzipereka, ndiko kuliika m'chikwama chimene chidzagawidwa pamodzi ndi katundu wamasiye.

Palinso chifukwa china chimene nkhokwe za likulu sizingakwanire kuimira Nkhata Bay, ndicho chakuti nkhokwe iliyonse imafanana ndi ulamuliro umene udaidzaza. Kuyambira 1968, pamene chipani cha Malawi Congress chidagamula kuti Chichewa ndi Chingerezi zokha ndizo zizimveka m'sukulu ndi pa wailesi, mpaka ulamuliro wa zipani zambiri utabwera mu 1994, nkhani ndi zokambirana za m'Chitonga zidalibe malo pa wailesi ya boma, kotero kuti malankhulidwe a mbadwo wonse wa anthu a kunyanja sadalowe mokwanira m'matepi a dziko. M'zaka zomwezo, kutchula dzina kapena kusunga chithunzi cha munthu amene boma lidamutcha chigawenga kunali kuika moyo pachiswe, ndipo mmodzi mwa anthu oterowo anali Orton Chirwa, mbadwa ya boma lino, mtsogoleri woyamba wa chipani cha Malawi Congress ndi nduna yoyamba ya zachilungamo, amene adafera m'ndende ya Zomba mu 1992. Dera limene lidalandira mishoni ya Livingstonia ku Bandawe mu 1881, lidatulutsa Elliot Kamwana amene adabatiza anthu zikwizikwi mu 1908 ndi 1909, lidabala Clements Kadalie wa ku Chifira amene adayambitsa bungwe la ogwira ntchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo lidatumiza ana ake ambirimbiri ku Joni ndi ku Halale, ena mpaka kusanduka matchona osabwereranso, liyenera kukhala ndi malo amene likudzifotokozera lokha m'chilankhulo chake.

Chuma chachikulu chimene chikufunika kupulumutsidwa msanga chili m'nyumba za anthu ndi m'maofesi a m'tawuni momwemo. Kuyambira pamene makaseti ndi makamera a vidiyo adafala, ojambula a pamsika akhala akuitanidwa kumaukwati, kumaliro, kumiyambo yolonga ufumu, kumisonkhano ya makwaya, ndi kumipikisano ya malipenga, gule wa amuna wotengera perete wa asilikali amene amaimbidwa ndi ng'oma ndi zitoliro za zikho. Adajambulanso chilimika, gule wa amayi ndi atsikana wa nyengo ya chaka chatsopano, ndi honara, amene amatsagana ndi akodiyoni yobwera ndi anthu ochokera kumigodi. Nyimbo za magule amenewa zimapekedwa mwatsopano nyengo ndi nyengo, ndipo zimadzudzula, kuyamika ndi kusimba zochitika za chaka chimenecho, motero tepi ya chilimika ya 1993 ndi umboni wa maganizo a amayi a m'midzi pa chaka cha referendamu, umboni umene sungapezeke m'fayilo ya ofesi iliyonse. Mawailesi a m'madera a Chirundu ndi Usisya amajambula mawu a asodzi, alimi a chinangwa ndi mafumu tsiku ndi tsiku. Ofesi ya zofalitsa nkhani ya m'bomali imajambula zithunzi pa zochitika zonse za boma. Chikondwerero cha nyimbo cha Lake of Stars chidayambira ku Chintheche mu 2004. Ndipo Gasper Nali, woimba babatoni wa ku Nkhata Bay, adadziwika padziko lonse kudzera m'kanema wa pa intaneti. Nkhope ya tawuni nayo yasintha pamaso pa anthu amene akadali ndi moyo, pakuti chipatala chachikulu chidasamukira ku Mkondezi, msewu wa ku Mzuzu udamangidwanso, ndipo sitima ya Ilala, imene yakhala ikuima padokoli kuyambira 1951, yakalamba ndipo tsiku lina idzapuma. Mmene doko linkaonekera tsiku lofika sitima, mmene amalonda ankaitanira batala ndi usipa, mmene malo ogona alendo adalowera m'magombe amene kale anali okocheza mabwato, zonsezi zili m'zithunzi ndi m'matepi obalalika amene palibe adawawerengapo.

Matepi amenewa sadikira kuti khonsolo ipeze nthawi. Tepi ya kaseti kapena ya vidiyo ndi kansalu kapulasitiki kopakidwa fumbi la maginito limene limagwiridwa ndi guluu wapadera, ndipo guluu ameneyu amayamwa chinyezi cha mumpweya mpaka kufewa ndi kumata, kotero kuti tepi ikazungulira m'makina, fumbi losunga mawulo limakanganuka ndi kutsalira pamutu wa makinawo. Filimu yakale yamtundu wa acetate ikayamba kuvunda imatulutsa fungo la vinigala, imakwinyika ndi kuuma, ndipo mpweya wowawasa wochokera m'chitini chimodzi umafulumizitsa kuwonongeka kwa zitini zoyandikana nacho. Zinthu zotere zimakhalitsa pamalo ozizira ndi ouma, pamene Nkhata Bay ndi limodzi mwa madera otentha, achinyezi ndi amvula yambiri m'dziko muno, kumene pepala ndi tepi zimachita chuku m'dzinja limodzi lokha, chiswe ndi mphemvu nazo zikuthandizira. Choopsa china ndi kutha kwa makina oseweretsera, chifukwa kampani ya Funai ya ku Japan, yomaliza kupanga makina a makaseti a VHS, idasiya ntchitoyo mu 2016, ndipo akatswiri a nkhokwe za mawu padziko lapansi, mogwirizana ndi UNESCO, adachenjeza kuti kuyambira cha m'ma 2025 kuwerenga matepi a maginito kudzayamba kuvuta ndi kukwera mtengo chifukwa zipangizo zosinthira ndi amisiri odziwa kukonza makinawo zikusowa. Chaka chimenecho chafika kale.

Ena anganene kuti ntchitoyi ili ndi mwini wake, nthambi ya National Archives of Malawi ya ku Zomba, imene idayamba mu 1947 ngati gawo la nkhokwe ya maiko a pakati pa Africa ndipo imayendetsedwa ndi lamulo la 1975. Nthambiyi ndi yofunika, ndipo nkhokwe ya khonsolo iyenera kugwira ntchito motsatira malangizo ake, koma ofesi ya antchito ochepa ndi ndalama zochepa yotumikira maboma 28 singadziwe kuti wojambula wakale wa ku Mpamba adasiya katoni ya makaseti kwa mwana wake, kapena kuti nkhalamba ina ya ku Tukombo imakumbukira nyimbo zimene anthu ankaimba pokwera sitima kupita ku Wenela. Zoterezi amazidziwa ndi khansala, nyakwawa, mphunzitsi ndi mkulu wa mpingo, ndipo bungwe lokhalo lokhazikitsidwa ndi lamulo limene limawakumanitsa onsewa ndi khonsolo. Mabungwe omwe si aboma amabwera ndi pulojekiti ya zaka zitatu ndi kuchoka, wailesi ikhoza kutsekedwa, wojambula amamwalira, pomwe khonsolo imakhalapo ngakhale makhansala ndi mabwanamkubwa asinthe. Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998, pamodzi ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu ya chaka chomwecho, lidapatsa makhonsolo udindo wotsogolera chitukuko cha madera awo ndi mphamvu zopanga malamulo awoawo, ndipo lamulo lopatsa nzika ufulu wopeza uthenga, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, limafuna kuti mabungwe aboma azisunga bwino uthenga ndi kuupereka kwa woupempha. Kuunjika zonse pamalo amodzi kwaphunzitsa kale dziko lino phunziro lowawa kawiri, pakuti moto wa 1919 udapsereza mafayilo a likulu la boma ku Zomba, ndipo moto wa mu Disembala 2015 udatha laibulale ya yunivesite ya Mzuzu.

Chotsutsa cholemera kwambiri ndi cha umphawi, chakuti boma limene zipatala zake zimasowa mankhwala, ana ake amaphunzirira pansi pa mitengo, ndipo milatho yake imakokoloka ndi mvula, silingawononge ndalama pa makaseti. Mfundoyi ikadakhala yamphamvu ntchitoyi ikadafuna nyumba yosanja, koma poyambira pamafunika chipinda chimodzi chouma chokhala ndi mashelefu achitsulo, kompyuta, makina angapo akale oseweretsera matepi, chojambulira mawu chabwino, magetsi a dzuwa, ndi wantchito mmodzi wophunzira bwino, amene yunivesite ya Mzuzu, yomwe ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 ndipo imaphunzitsa za kasungidwe ka mabuku ndi uthenga, ikhoza kumusula. Zonsezi ndi kachigawo kochepa ka ndalama zimene zimadutsa m'thumba la chitukuko cha m'madera a aphungu chaka chimodzi. Kuwonjezera apo, nkhokweyi ili ndi phindu limene ngakhale munthu wosalabadira za chikhalidwe angalione, chifukwa mikangano ya ufumu ndi ya malire a malo, imene katswiri Jaap van Velsen adaifotokoza kale m'buku lake la 1964 lonena za ubale ndi ndale pakati pa Atonga, ikudyabe nthawi ndi ndalama m'makhoti, ndipo mawu ojambulidwa a akuluakulu pa tsiku lolonga mfumu kapena logamula malire ndi umboni umene makomiti a malo okhazikitsidwa ndi lamulo la 2016 angaufune. Alendo amene amadzaza malo ogona a m'mbali mwa nyanja amapeza madzi ndi mchenga, koma sapeza chipinda chimene angakhalemo ola limodzi kumvera mbiri ya doko limene atsikirapo, ngakhale kuti ku Karonga, kumene nyumba yosungiramo zakale ndi zachikhalidwe idatsegulidwa mu 2004, kwaoneka kale kuti boma lakutali ndi likulu likhoza kukhala ndi malo otero.

Chotsutsa china, chimene chiyenera kuyankhidwa mosabisa, ndi chakuti makhonsolo a m'Malawi sadapange mbiri yabwino pa kusunga mapepala, popeza malipoti a mkulu wolondoloza ndalama za boma amadandaula chaka ndi chaka za malisiti ndi zikalata zolipirira zimene zimasowa m'makhonsolo osiyanasiyana, ndiponso kuti nkhokwe yokhala m'manja mwa andale ikhoza kusanduka malo osungira zithunzi za mabwana akudula maliboni. Nkhawayi ndi yoona, ndipo yankho lake lili m'kakhazikitsidwe ka nkhokweyo. Lamulo la khonsolo liike komiti yoyang'anira yokhala ndi mafumu, aphunzitsi, mipingo, mawailesi a m'madera, oimira ojambula ndi bungwe la chikhalidwe la Mdauku wa aTonga. Lilamule kuti kaundula wa zonse zosungidwa azisindikizidwa poyera chaka chilichonse. Ndipo liletse kufufuta kapena kutulutsa chinthu cholembedwa m'kaundula popanda chilolezo cha komitiyo ndi cha nthambi ya ku Zomba. Lamulo lomwelo lifune kuti misonkhano yonse ya khonsolo izijambulidwa mawu, ndi kuti aliyense wolipidwa ndi ndalama za khonsolo kuti ajambule chochitika azipereka kope lathunthu kunkhokwe asanalandire malipiro ake omaliza. Khonsolo imene mawu a makhansala ake pa zokambirana za bajeti angamvedwenso ndi nzika iliyonse idzakhala yosamala kwambiri ndi malisiti ake.

Achinyamata ena amakhulupirira kuti vutoli lidatha ndi kubwera kwa mafoni, popeza chilichonse chimaikidwa pa Facebook, YouTube kapena WhatsApp. Makampani amenewa ndi amalonda akunja amene sadalonjeze munthu wa ku Nkhata Bay kuti adzasunga kanema wake mpaka kale. Amapanikiza mafayilo kuti achepe, zimene zimataya mbali ya mawu ndi ya chithunzi. Ndipo kanema woyendayenda m'mafoni amataya dzina la womujambula, tsiku ndi malo, mpaka kusanduka chithunzi cha anthu osadziwika akuvina pamalo osadziwika. Kusunga kwenikweni kwa zinthu za m'kompyuta kumafuna kuti mawu asamutsidwe m'fayilo yosapanikizidwa yamtundu wa WAV, kuti fayilo iliyonse ikhale ndi makope atatu, limodzi ku Nkhata Bay, lina ku Mzuzu ndi lina ku Zomba, kuti makopewo aziyesedwa nthawi ndi nthawi ngati sadawonongeke, ndi kuti azisamutsidwira m'zosungira zatsopano zaka zingapo zilizonse. Choposa zonse ndi kaundula, kutanthauza mawu ofotokoza amene akuyankhula, mudzi wake, gule amene akuvinidwa ndi chaka chake, ndipo ntchito imeneyi ingatheke pokhapokha anthu otha kuzindikira nkhope ndi mawu a m'matepiwo akadali ndi moyo, chimene chili chifukwa chinanso chochitira ntchitoyi pafupi ndi midzi yawo.

Eni matepi ali ndi ufulu umene khonsolo iyenera kuulemekeza, apo ayi sadzabweretsa kanthu. Lamulo la umwini wa zaluso la 2016 limateteza wojambula ndi woimba, motero nkhokwe izibwereka tepi, kuisamutsira m'kompyuta, kubweza tepiyo pamodzi ndi kope latsopano kwa mwini wake, ndi kulemberana naye pangano lonena ngati zojambulazo zingaulutsidwe pa wailesi, zingaonetsedwe m'sukulu zokha, kapena zitsekeredwe kwa zaka zingapo. Miyambo ina ya m'banja ndi ya chinamwali siyoonetsa pagulu, ndipo mawu a mafumu ndi anamkungwi pa zoterezi akhale omaliza.

UNESCO idavomereza malangizo oteteza mafilimu pa 27 Okutobala 1980, ndipo tsiku limeneli limakumbukiridwa chaka chilichonse ngati tsiku la chuma cha mawu ndi kanema padziko lonse, koma malangizo a UNESCO sangatsitse katoni ya makaseti kuchoka pansi pa denga lodontha ku Chintheche. Makhansala a Nkhata Bay, pamodzi ndi aphungu ndi mafumu amene amakhala nawo m'khonsolo, aike mzere wa nkhokweyi m'bajeti ikubwerayi, apatule chipinda, ndipo alembere ku Makhanda, ku Harare, ku Blantyre ndi ku Zomba kupempha makope a zonse zokhudza bomali. Mabanja, mipingo ndi ojambula amene ali ndi makaseti, zithunzi ndi matepi a vidiyo asawataye ndipo asayese kuseweretsa tepi yochita chuku; awachotse pansi ndi padzuwa, awaike pamalo ouma opita mphepo, alembe papepala mayina, malo ndi zaka zimene akukumbukira, kenaka apite kwa khansala wa dera lawo kukamufunsa tsiku limene khonsolo idzayambe kuwalandira.